Za Msonkhano wa ku Chilenje, 1968

Inu omvera a ku Matero, Kanyama ndi Kalingalinga, mudziwa bwino kuti m'komboni munthu wa ku Kasama, wa ku Mongu ndi wa ku Chipata amatunga madzi pa mpope umodzi, nalankhulana Cinyanja cimodzi. Koma likafika tsiku la maliro kapena la cisankho, yense amayamba kufunafuna akwao. Khalidwe lomweli linaoneka ndi pakati pa akulu a cipani ca UNIP.

M'mwezi wa August 1967 cipanico cinasonkhana ku Mulungushi kukasankha atsogoleri. Nthumwi zolankhula Cibemba zinapangana ndi Atonga, ndipo za Kum'mawa zinagwirana manja ndi Alozi. Sikuti anthuwa anali pa cibale ai. Anangowerenga mavoti, naona kuti palibe mtundu umene ungapambane pa wokha. Motero Bambo Simon Kapwepwe anagonjetsa Bambo Reuben Kamanga pa mpando wa waciwiri kwa mtsogoleri, ndipo Bambo Arthur Wina, Mlozi, analandidwa usungicuma ndi Bambo Elijah Mudenda, Mtonga.

Ogonjawo mtima sunakhale pansi. Pa 5 February 1968, bungwe lalikulu la cipani litakhala m'holo ya ku Chilenje, muno mu Lusaka, akulu anakangana koopsa monga mwa mitundu yao, kufikira Dr Kenneth Kaunda anaimirira, nanena kuti watula pansi udindo, naturuka. Usiku umenewo anthu anamtsata kukamdandaulira, ndipo m'mawa mwace anabvomera kubwerera.

Nanga amene anali kulimbirana mipandowo anamdandauliranji? Ine ndiyesa kuti gulu liri lonse linaona kuti likadzoza munthu wace, linzace silidzamgonjera. Kaunda anabadwira ku Lubwa, nakula ndi Cibemba, koma atate wace anacokera ku Nyasaland. Cotero panalibe mtundu waukulu umene ukanamuyesa wace wokha. Cimene adani ace ankamtonza naco ndico cinamsunga pa mpando.

Bala silinapole msanga. Pa cisankho ca December 1968 Alozi ambiri anatembenukira ku ANC ya Bambo Harry Nkumbula, ndipo Bambo Wina anataya mpando wao ku Nyumba ya Malamulo. Kaunda anayamba kugawa maunduna poyang'ana kumene munthu acokera, kuti cigawo ciri conse cilaweko. Ngakhale zinatero, mu 1971 Bambo Kapwepwe anacoka nakayamba cipani ca UPP, ndipo mu December 1972 lamulo linaletsa zipani zonse kupatula UNIP.