Alembi Amene Anazula Mpumiro

Zizindikiro za m'kalembedwe zinabwera anthu atayamba kale kulemba. Agiriki ndi Aroma akale ankandandalika malembo osasiya mpata, ndipo munthu ankawerenga mokweza kuti khutu limuuze pothera mawu. Cha m'ma 200 BC, Aristophanes wa ku Byzantium, woyang'anira nyumba ya mabuku ya ku Alexandria, anayamba kuika timadontho tosonyeza popumira. Amonke a ku Ireland anafalitsa mipata yolekanitsa mawu m'zaka za m'ma 600 ndi 700, kenako osindikiza ngati Aldus Manutius wa ku Venice anakhazikitsa maonekedwe a mpatuliro m'ma 1490.

Zizindikirozo zitazika mizu, ena anayamba kuzizula dala. Mu 1912 Filippo Marinetti wa ku Italy analengeza kuti zithetsedwe. Guillaume Apollinaire nayenso anazifufuta zonse m'ndakatulo za mu Alcools buku lili pafupi kusindikizidwa, pokhulupirira kuti kayendedwe ka mzere n'kokwanira kutsogolera mpweya wa wowerenga.

Amene anaonetsa bwino phindu lozula zizindikiro ndi James Joyce. Mutu womaliza wa Ulysses, buku la mu 1922, ndi maganizo a Molly Bloom ali chigonere pabedi usiku, m'zigawo zazitali 8 zopanda mpatuliro. Umo sikunali kudzionetsera. Maganizo a munthu wosowa tulo saima pampumiro. Amachoka pa mwamuna wake, kukafika ku Gibraltar kumene anakulira, n'kubwerera, ndipo wowerenga amakakamizika kupeza yekha popumira ngati Mgiriki wakale. 

 

Pambuyo pake kalembedwe kotere kanaleka kudabwitsa. José Saramago, wolandira mphoto ya Nobel mu 1998, ankalowetsa zokambirana m'ziganizo zazitali zopanda mitengero. Alain Mabanckou wa ku Congo-Brazzaville analemba Verre cassé mu 2005 ndi mipatuliro yokhayokha, kuti limveke ngati kulongolola kwa chidakwa chimene chikulemba mbiri ya bala imene chimamwerako m'kope.