Mbiri ya Browser ndi Ntchito Yokonza Makompyuta ku Dedza

Browser ndi pulogalamu imene munthu amatsegulira masamba a pa intaneti. Yoyamba adailemba Tim Berners-Lee ku CERN, pafupi ndi Geneva, mu 1990. Pambuyo pake padabwera Mosaic mu 1993, Netscape Navigator mu 1994 ndi Internet Explorer ya Microsoft mu 1995. Kuno ku Malawi, kampani yoyamba yogulitsa intaneti, MalawiNet, idayamba mu 1997, ndipo makasitomala ake ambiri adali ku Blantyre ndi ku Lilongwe. Choncho mpikisano wa Netscape ndi Microsoft udatha anthu a ku Dedza asanaumve n'komwe. Makompyuta atayamba kuoneka pa boma, m'maofesi, m'masukulu a sekondale ndi m'nyumba za ena ogwira ntchito, ambiri adabwera ndi Windows XP ya 2001 pamodzi ndi Internet Explorer 6. Kwa anthu ochuluka, kachilembo ka "e" kabuluu kaja ndiko kadali intaneti yeniyeniyo.

Ambiri mwa makompyutawa adali akaunjika, otha kale ntchito ku Ulaya kapena ku South Africa, okhala ndi RAM ya 256 kapena 512 MB. Intaneti nayo idali yodula ndi yochedwa, chifukwa dziko lidadalira setilaiti kufikira nthambo za pansi pa nyanja, SEACOM mu 2009 ndi EASSy mu 2010, zitafika m'mbali mwa Nyanja ya India. Cha m'ma 2010 madongle a TNM ndi a Zain, imene idasanduka Airtel chaka chomwecho, adafikitsa intaneti m'nyumba. Koma ku Dedza netiweki imatsata mapiri: pa boma, m'munsi mwa nsanja za pa phiri la Dedza, inkagwira bwino, pamene kuseri kwa zitunda munthu ankachita kukweza dongle pawindo ndi nthambo yaitali. Browser ikajama imelo ili pakati, zotayika sizinali mawu okha ayi, mayunitsi nawonso ankapita.

Chimene chinkagwetsa mabrowser kwambiri m'zaka zimenezo chinali flash ya USB yosungiramo mafayilo. Flash imodzi inkayenda kuchokera ku kafe ya intaneti, kupita kwa otayipa makalata, kudzera kwa oburna nyimbo, n'kukafika kunyumba itasenza mavairasi a konseko. Windows XP inkatha kutsegula yokha mapulogalamu a pa flash munthu akangoitsegula flashyo, ndipo vairasi ya Conficker, imene idatulukira mu Novembala 2008, idafala padziko lonse podzeranso njira imeneyi. Microsoft idatseka khomo limeneli pa XP mu 2011, koma kompyuta yosalandira maapudeti, monga zidalili zambiri za kuno, idakhalabe pangozi. Panalinso matoolbar amene ankalowa mozemba munthu akamaika pulogalamu yaulere, mpaka gawo lalikulu la sikirini n'kudzaza mizere yopanda ntchito. Chachitatu chinali Adobe Flash, pulogalamu yoonetsera mavidiyo, imene ikagwa inkagwetsa browser yonse.

Apa ndi pamene padakulira ntchito ya anyamata okonza makompyuta, ambiri odziphunzira okha kapena ophunzira kwa anzawo ku Lilongwe, mtunda wa makilomita pafupifupi 85 pa msewu wa M1. Chida chawo chachikulu chinali flash ya m'thumba yodzaza ndi mapulogalamu. Mozilla Firefox idatuluka mu Novembala 2004 ndipo Google Chrome mu Sepitembala 2008, koma mwini kompyuta sankasankha yekha kawirikawiri. Kupanga dawunilodi browser pa dongle kunkadya bandulo yonse, mwina n'kudukira pakati, kotero munthu ankalandira imene wokonza adabwera nayo.

Chrome idabweretsa kamangidwe katsopano: tab iliyonse inkayenda payokha, moti imodzi ikagwa zinazo zinkatsala. Firefox idayankha mu 2010 polekanitsa Adobe Flash ndi browser. Komabe ubwino wa Chrome udali ndi mtengo wake, pakuti tab iliyonse inkafuna RAM yake. Pa kompyuta ya 512 MB, matab owerengeka okha ankakwanira kuiimitsa, ndipo n'chifukwa chake okonza ambiri adakakamira Firefox pa makina akale kwa zaka zingapo.

Wokonza wodziwa ntchito sankathamangira kusintha browser. Ankayamba wayang'ana deti pakona ya sikirini. M'kompyuta muli kabatire kofanana ndi kandalama kachitsulo kamene kamasunga nthawi magetsi akazima. Kakatha, deti limabwerera m'mbuyo zaka zambiri, ndipo browser imakana masamba a banki ndi a imelo ponena kuti chiphaso chawo n'chosadalirika. Vuto limenelo limatha ndi kabatire katsopano basi. Kenako ankazimitsa zowonjezera zonse za browser, kufufuta zosungidwa zakale, n'kuyesa profile yatsopano, chifukwa magetsi akazima mwadzidzidzi browser ikulemba, mafayilo a mbiri ndi a mabookmark amaonongeka. Kuthimathima kwa magetsi, monga kumene kudatsatira kuonongeka kwa damu la Kapichira ndi namondwe Ana mu Januwale 2022, kumachulukitsa vutoli pa makompyuta opanda batire. Pomaliza ankatsegula bokosi n'kuuzira fani. Kuzizira kwa Juni ndi Julaye kumathandiza makina ku Dedza, koma fumbi la Sepitembala ndi Okutobala limatseka fani, kompyuta n'kutentha, ndipo imayamba kufiriza ikangotsegula vidiyo. Wokonza waulesi ankadumpha zonsezi n'kungofomata, mwini wake n'kutaya zithunzi, mapasiwedi ndi makalata, vuto lili kabatire chabe.

Kusamuka kwakukulu kudachitika pa foni. Opera Mini, ya kampani ya ku Norway, idatulutsidwa padziko lonse mu 2006. Inkayamba yapanikiza tsamba pa makompyuta a kampaniyo isanalitumize ku foni, kotero data yochepa inkafika patali. Ogulitsa mbatatesi ndi kabichi ku Bembeke, ophunzira, ndi ochita malonda pa chipata cha malire ndi Mozambique, ambiri adalowa pa intaneti kudzera pa browser imeneyi asanagwirepo kompyuta. Mabandulo a WhatsApp ndi Facebook atabwera, ena adasiyiratu kutsegula browser.

Makompyuta otsala m'nyumba adakumana ndi vuto la ukalamba. Microsoft idasiya kusamalira Windows XP pa 8 Epulo 2014, Chrome idaisiya mu 2016, Firefox mu 2018. Adobe Flash idatha kumapeto kwa 2020, ndipo Internet Explorer idapumitsidwa pa 15 Juni 2022, m'malo mwake n'kulowa Edge. Chrome idasiyanso Windows 7 kumayambiriro kwa 2023. Pa makina otere kusintha browser sikuthandizanso kwenikweni, chifukwa Chrome, Edge ndi Opera zonse zidamangidwa pa maziko amodzi a Chromium ndipo zimasiya Windows yakale pafupifupi nthawi imodzi. Zotsala kwa wokonza ndi kuwonjezera RAM, kuika SSD m'malo mwa hard disk yakale, kukweza Windows ngati makina angathe, kapena kuikamo Linux yopepuka imene imalandirabe Firefox yatsopano.