Kodi P.E. inapita ndi apayoniya?

Sabata yatha kunyumba kunafika mtsikana wina amene ndinamuphunzitsa Fomu 3 ndi Fomu 4, ali ndi bambo ake. Mtsikanayu wasankhidwa kupita ku MUST kukaphunzira Sports Science, ndipo maganizo ake ndi oti akamaliza adzabwerere kuno kuchigwa kudzaphunzitsa zaumoyo ndi masewero olimbitsa thupi. Bambo akewo ndi mlimi wa thonje wa mbali za ku Ngabu, ndipo sanazungulire ayi. Anati, "Aphunzitsi, inu mundiuze zoona. Ndigulitse ng'ombe kuti mwanayu akaphunzire kuthamanga? Kuthamanga amadziwa kale, mbuzi zikalowa m'munda amazipirikitsa ndi iyeyu."

Tinaseka tonse, koma funsolo linandikhala mumtima. Bamboyu sanalakwe kufunsa. Phunziro limeneli linanyozeka kale m'dziko muno, ndipo pali zifukwa zake. Ndaganiza zoti ndilembe mbiri yake monga ndimaidziwira, ina yowerenga, ina yoona ndi maso.

Sukulu zoyamba kuno kuchigwa zinabwera ndi amishoni, monga a South Africa General Mission amene anakhazikika ku Lulwe ndi ku Chididi m'mapiri a Nsanje. Agogo athu amene anaphunzira m'sukulu za mishoni amakumbukira dirilo: kuima pamzere, kutambasula manja, kuguba. Cholinga chake chinali choti ana azimvera. Za ukhondo zinabwera mwamphamvu pambuyo pa 1924, pamene gulu la Phelps-Stokes linayendera Nyasaland ndi kulangiza kuti maphunziro azikhudza umoyo wa anthu kumudzi. Boma linakhazikitsa dipatimenti ya maphunziro mu 1926, ndipo mu 1929 kunatsegulidwa Jeanes Training Centre ku Domasi. Aphunzitsi ankapita kumeneko ndi akazi awo. Bambo akuphunzira kayendetsedwe ka sukulu za m'midzi, mayi akuphunzira ukhondo wa pakhomo ndi kasamalidwe ka ana, kuti akabwerera kwawo nyumba yawo ikhale chitsanzo pa nkhani ya chimbudzi, madzi akumwa ndi chakudya. Choncho mphunzitsi wa zaumoyo si chinthu chachilendo ku Malawi. Papita zaka pafupifupi 100 chiyambire kumuphunzitsa ku Domasi komweko.

Aphunzitsi a sekondale anabwera mochedwa chifukwa sekondale zenizenizo zinachedwa: Blantyre Secondary School mu 1940, Zomba Catholic mu 1942, Dedza mu 1951. Titalandira ufulu mu 1964, dipuloma ya uphunzitsi wa sekondale inkachitikira ku Soche Hill College, mpaka mu 1973 pamene inasamukira ku Chancellor College ku Zomba. Koma bwalo la masewero silinapatsidwe kwa anthu a dipulomawa. Linapatsidwa kwa anthu ena.

Gulu la Malawi Young Pioneers linayamba mu 1963, ndipo alangizi ochokera ku Israel anathandiza kuliphunzitsa. Poyamba nkhani yake inali ya ulimi ndi chitukuko. Achinyamata ankapita kumabesi kukaphunzira kulima, kumanga ndi kuguba. Pang'ono ndi pang'ono gululi linakhala maso ndi mkono wa chipani, linapatsidwa mfuti, ndipo anthu ankaliopa kuposa apolisi. Ife akuchigwa mbiri imeneyi ndi yathunso, poti a Gwanda Chakuamba a ku Nsanje anakhalapo mkulu wa apayoniya komanso nduna ya achinyamata, asanamangidwe mu 1980. Apayoniya ndiwo ankatumizidwa m'sukulu za sekondale kukaphunzitsa P.E. pamodzi ndi ngodya zinayi zija: umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo. Ndiwonso ankakonzekeretsa ana pa Sabata ya Achinyamata, pamene tinkalambula misewu, kukonza nyumba za okalamba, ndipo osankhidwa ankapita kukaonetsa masewero pamaso pa Kamuzu.

Ine ndinalowa Fomu 1 mu 1992 ndipo ndinampeza payoniya wathu. Dzina lake ndi la sukuluyo ndisunga. Anali munthu wamfupi, wa wezulo pakhosi, ndipo akaimba kamodzi kokha hositelo yonse inkakhuthukira pabwalo kusanache. Tinkathamanga, kudumpha ngati achule, kuguba. Ndinene chilungamo: masiku amenewo piriyodi ya P.E. sinkaphonyeka, mipira inalipo, bwalo linali lolambula ndi lolembedwa mizere ya phulusa, ndipo sukulu zinkapikisana teremu ili yonse. Koma ndinenenso chilungamo china. Palibe tsiku limene anatifotokozera chifukwa chake tikuchita zimene tinkachitazo. Kuthamanga kunali phunziro m'mawa, masana kukhala chilango. Wopempha madzi pakati pa masewero ankatchedwa waulesi. Ngakhale aphunzitsi anzake m'sitafu rumu ankasintha nkhani akamuona akulowa.

Kenako zinthu zinatembenuka. Pa 14 June 1993 anthu anavotera zipani zambiri. Kumayambiriro kwa December chaka chomwecho apayoniya anawombera asilikali ku Mzuzu, ndipo asilikali anabwezera ndi Operation Bwezani, kulanda zida m'mabesi onse. Apayoniya ambiri anathawira ku Mozambique. Wathu uja sitinamuonenso. Anasiya wezulo pa msomali m'kachipinda kosungira mipira, ndipo palibe mphunzitsi amene anafuna kumuchotsa pamenepo, nanga ndani akanafuna kuoneka ngati payoniya mu 1994? Piriyodi ya P.E. inatsala pa taimutebulo, koma inasanduka nthawi yochapa, yogona pansi pa mtengo kapena yokopera manotsi.

Apa ndi pamene ndikuona kuti panagona vuto lonse. Kwa zaka pafupifupi 30 dziko linapereka phunziroli kwa anthu amene sanali aphunzitsi ophunzitsidwa za thupi la mwana, ndipo linalimangirira ku chipani. Chipani chitagwa, phunziro linagwera limodzi. Amene anali ana nthawi imeneyo ndiwo makolo ndi mahedimasitala a lero. Akamva P.E. amakumbukira kudumpha ngati chule padzuwa, basi.

Zaka zotsatira sizinathandize. Mu 1994 boma la a Bakili Muluzi linachotsa fizi ku pulayimale, ndipo ana anachoka pa 1.9 miliyoni kudutsa 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Mu 1998 ma DEC anasanduka ma CDSS, ambiri opanda laibulale, opanda labu, ndi aphunzitsi otengedwa ku pulayimale. Pamene masamu alibe mphunzitsi, ndani akanalira za mpira? Nkhani za umoyo zinapita ku Biology, kenako ku Life Skills imene inabwera kaamba ka mliri wa Edzi. Ku pulayimale, silabasi ya 2007 inaphatikiza P.E. ndi nyimbo, zojambula ndi zosoka n'kukhala Expressive Arts. Ndipo MANEB sinkalembetsa P.E. pa JCE ngakhale pa MSCE. Tonse tikudziwa tsoka la phunziro lopanda mayeso pasukulu ya ku Malawi.

Komabe china chake chabwino chinachitika mwakachetechete. Mu 1993, chaka chomwe apayoniya anagwa, Domasi inakhala koleji yophunzitsa aphunzitsi a sekondale, ndipo P.E. inali limodzi mwa maphunziro ake. Ine ndinapita kumeneko kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000. Ndivomere kuti sindinasankhe P.E. chifukwa choikonda, ndinkaganiza kuti ikhala yophweka. Ndinadabwa. Tinaloweza mafupa ndi minofu, tinaphunzira mmene mtima ndi mapapo zimagwirira ntchito munthu akamathamanga, chifukwa chake thukuta limaziziritsa thupi, chithandizo choyamba kwa wothyoka kapena wokomoka, malamulo a masewero, ndi kaphunzitsidwe ka kalasi ya ana 80 uli ndi mpira umodzi. Anzathu a masamu ankatitcha "anyamata a kabudula", koma nthawi ya mayeso tinkagona mochedwa chimodzimodzi.

Nditatumizidwa ku CDSS ina kuno kuchigwa, ahedi anayang'ana dipuloma yanga n'kunena kuti, "Chabwino, mutenga Biology ndi Life Skills. P.E. muziona nokha Lachitatu masana." Lachitatu masana likafika, mnzanga wa masamu ankabwera kudzapempha piriyodiyo kuti amalize silabasi. Kangapo konse ndinampatsa. Sindikunyadira.

Chinandisintha ndi tsiku lina mu November, tikukonzekera mpikisano wothamanga wa zoni. Inu mukudziwa November wa kuno, pamene ku Ngabu ndi ku Nsanje kutentha kumapyola madigiri 40 ndipo mchenga umaotcha ngakhale wovala nsapato. Ine ndinali kumsonkhano, ndipo ana anatulutsidwa kukathamanga cha m'ma 2 koloko masana. Ndikufika ndinapeza mnyamata wa Fomu 2 ali gone pakati pa bwalo, thupi lili moto, akulankhula zosamveka. Anzake anamuzungulira, ena akuti ndi khunyu, ena akuti wina wamutchera. Tinamunyamulira pamthunzi, kum'masula malaya, kumuthira madzi thupi lonse ndi kumukupiza ndi makope. Atayamba kuzindikira tinam'mwetsa pang'onopang'ono madzi a shuga ndi mchere, lita imodzi, masupuni aang'ono 6 a shuga ndi theka la supuni ya mchere, kenako pa njinga kupita kuchipatala. Anachira. Nditafunsa chifukwa chimene ana sanatenge madzi, yankho linali lija ndinalimva ndili Fomu 1: wothamanga weniweni samwa madzi. Payoniya anachoka mu 1993, koma chiphunzitso chake chinali chikadali pabwalo.

Kuyambira tsiku limenelo piriyodi yanga sindinabwereketsenso. Masewero olimba timachita m'mawa kapena dzuwa litapendeka, ndipo chidebe cha madzi chimafika pabwalo mpira usanafike.

Tsono ndibwerere kwa bambo a ku Ngabu aja. Akunena zoona kuti ana athu si aulesi. Amayenda makilomita ambiri kubwera kusukulu, amalima kudimba, amapalasa bwato. Malangizo a World Health Organization oti mwana azigwiritsa ntchito thupi lake mphindi 60 patsiku, ambiri mwa iwo amawakwaniritsa asanadye kadzutsa. Chimene akusowa si thukuta, ndi chidziwitso. Mnyamata amene akukodza magazi atasamba m'thamanda ayenera kudziwa kuti ndi likodzo lochokera ku nkhono za m'madzi, osati chizindikiro choti wakula, ndipo mankhwala ake alipo. Mtsikana asamajombe sabata yathunthu mwezi uli wonse chifukwa palibe womufotokozera. Ana a m'mbali mwa Shire ndi Ruo ayenera kudziwa chochita ndi munthu amene wavuulidwa m'madzi, ndiponso kuti wopulumutsa mnzake amaponya chingwe kapena nsungwi, salumphiramo.

Tinaziona mu January 2015, madzi atasefukira mpaka boma kulengeza maboma 15 kuti ndi malo a ngozi. Tinazionanso ndi Idai mu 2019, Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023. Nthawi zonsezi sukulu zathu zinasanduka misasa, makalasi kukhala zogona, mabwalo a mpira kudzaza matenti. Kolera imene inayamba mu 2022 inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo Nsanje inali m'gulu la maboma oyamba kukhudzidwa. Pamsasa wa pasukulu, azaumoyo asanafike, amene amafunsidwa za kumene akumbe zimbudzi, kathiridwe ka klorini m'madzi ndi chochita ndi ana mazanamazana ongokhala ndi mantha, ndi mphunzitsi. Ine ndinaona ana amene anataya zonse akuseka koyamba pamene tinawapangira mpira wa mapepala n'kuwagawa matimu. Amayi nawo anayambitsa utse madzulo, ndipo ndinazindikira kuti magule athu, utse ndi likhuba, ndi P.E. imene makolo anali nayo amishoni asanabwere ndi dirilo.

Lero njira ilipo imene ife tinalibe. MUST inatsegulidwa ku Thyolo mu 2014, ndipo mwana wa ku Chikwawa kapena Nsanje angathe kukwera Thabwa n'kukatenga digiri ya za masewero. Sindinawanamize bambo aja kuti ntchito ikumudikira mwana wawo. Ndinawauza kuti akhoza kudzapatsidwa Biology ngati ine, ndipo adzayenera kumenyera piriyodi yake. Ndinawauzanso za mnyamata wa Fomu 2 uja, amene lero ali ndi banja lake ndipo amagwira ntchito ya mzimbe ku Nchalo.

Anakhala chete kanthawi, kenako anafunsa kuti, "Ndiye fizi yake ndi ng'ombe zingati?" Mwana wawo anayang'ana pansi akumwetulira. Sanalonjeze kanthu, koma anachoka atatenga mapepala a ngongole ya ophunzira kuti akawerengeredwe bwino kunyumba.

Aphunzitsi anzanga, pempho langa ndi laling'ono. Piriyodi ya P.E. ikafika musaipemphe, ndipo inu amene muli nayo musaipereke. Inu ahedi, mukalandira mphunzitsi wa phunziroli mpatseni bwalo ndi chidebe cha madzi. Ndipo inu ana anga akale amene munakhala nane pabwalo Lachitatu lija, ena mwa inu ndinu makolo tsopano. Mwana wanu akadzanena kuti akufuna kuphunzira zimenezi, mudzayambe mwamumvetsera. Amene mukukumbukira apayoniya a m'sukulu zanu, mudzandifotokozere tikakumana, poti mbiri imeneyi sinalembedwe mokwanira ndipo oidziwa akutha.