Chiphaso cha wodwala: ulendo wa chamba kuchoka kuthengo kufika m'lamulo

M'nyumba zambiri za ku Dowa ndi ku Ntchisi simulephera kajumbo kapena kachitini kosungiramo mapepala ofunika. Mumakhala kabuku ka kuchipatala kothimbirira ndi utsi, chitupa cha unzika chomwe tidajambulitsa mu 2017, khadi ya kusikelo ya mwana, ndipo kwa alimi a fodya, chiphaso cha ku Tobacco Commission. Pali chiphaso china chomwe malamulo a dziko lino amachitchula, koma mutachifunsa pamsika wa Mponela kapena pa Malomo, anthu angayambe akuyang'anitsitsani kaye kuti aone ngati mutu ukukuyenderani bwino. N'chiphaso chololeza munthu wodwala kulandira mankhwala ochokera ku chamba.

Chiphasochi chili m'lamulo la Cannabis Regulation Act, lomwe aphungu adavomereza pa 27 Febuluwale 2020 italibweretsa m'Nyumba ya Malamulo nduna ya zamalimidwe ya nthawiyo, a Kondwani Nankhumwa. Dongosolo lake n'lakuti dotolo atsimikize polemba kuti matenda a munthuyo ngoyenera mankhwalawa, munthuyo alembedwe m'kaundula wa bungwe la Cannabis Regulatory Authority, kenaka apatsidwe khadi yomuzindikiritsa. Osuta pongofuna kusangalala sadawaganizire n'komwe, ndipo wolima, kukonza kapena kugulitsa chamba popanda chilolezo angathe kukhala kundende mpaka zaka 25.

Chamba si mbewu yobadwira kuno. Kwawo n'ku Asia, ndipo akatswiri a mbiri amati chidafika kum'mawa kwa Africa zaka mazanamazana zapitazo pamodzi ndi amalonda oyenda pa nyanja ya Indian Ocean, n'kumalowerera kumtunda potsata njira za malonda. Pomwe David Livingstone ankayenda m'chigwa cha Zambezi m'zaka za m'ma 1850 adapeza anthu akusuta kale. Makolo athu adachipatsa dzina laulemu loti fodya wamkulu, ndipo chidakonda nthaka ya m'mapiri otsetserekera kunyanja, kuchokera ku Mzimba, Nkhotakota, mpaka m'makhwawa a ku Ntchisi ndi ku Dowa.

Atsamunda atabwera, masamba awiriwa, fodya ndi chamba, adasiyana njira. Fodya wamng'ono adasanduka mwana wokondedwa. M'zaka za m'ma 1920 alimi a ku Lilongwe ndi ku Dowa adayamba kulima fodya wa chikopa mwa unyinji, ndipo mu 1926 boma lidakhazikitsa Native Tobacco Board kuti lizilembetsa alimi ndi kuyang'anira misika. Pepala loyamba lomwe mlimi wa m'mapiri muno adaligwira chifukwa cha tsamba lidali la fodya ameneyu. Fodya wamkulu zidamuipira. Mu 1925 pangano la maiko lomwe lidasainidwa ku Geneva lidaika chamba m'gulu la zinthu zoyenera kuzilondalonda, mu 1956 kuno kudabwera lamulo la Dangerous Drugs Act, ndipo mu 1961 bungwe la United Nations lidachiika pa mndandanda wa mankhwala oopsa kwambiri. Tidalandira ufulu mu 1964, koma lamulo la chambalo tidalisunga monga momwe adalisiyira eni ake.

Kuletsako sikudathetse mbewu. Chamba chidangosamukira m'minda yobisika, pakati pa chimanga ndi m'mphepete mwa nkhalango. Alimi ankachikulunga m'makungwa ouma a nthochi, n'kuchimanga zolimba ngati chisononkho, ndipo azungu oyendayenda adachitcha Malawi Gold. Dzinalo lidatchuka ku Johannesburg ndi ku Ulaya kuposa mayina a mbewu zathu zambiri zololedwa. Kwathu kuno mbiri yake idali ya pa zipata za apolisi mumsewu wa M1, ya matumba obisidwa pansi pa makala, ndi ya anyamata onjatidwa unyolo pabwalo la majisitireti.

Komabe m'midzi mudali mbiri ina yomwe siinkafika kukhoti. Alipo agogo omwe ankasunga timasamba kudenga, osati kuti azisuta, koma kuti awiritse mwana akabanika ndi mphumu kapena akagwidwa ndi chikuku. Sindikunena kuti zinkachiritsa ayi. Chikuku chili ndi katemera, ndipo mphumu yapha anthu omwe adachedwa kuthamangira kuchipatala podalira zakumwa za pakhomo. Palinso mabanja omwe mwana wawo adayamba kusuta ali wamng'ono n'kukathera ku chipatala cha amisala ku Zomba, ndipo mabanja oterewa safuna kumva zoti chamba n'chabwino. Chomwe ndikunena n'chakuti maganizo oti m'tsamba limeneli muli mankhwala sadabwere ndi ndege. Adalipo, kungoti ankayankhulidwa monong'ona, popanda muyezo ndiponso popanda dotolo.

Woyamba kuyankhula mokweza m'boma adali a Joe Manduwa, wachiwiri kwa nduna ya zamalimidwe, omwe mu 2000 adapempha kuti chamba cha m'mafakitale chiloledwe. Nkhaniyo idangozilala. Patatha zaka 15 idadzukanso, ndipo idadzukira ku Ntchisi. Mu 2015 phungu wa kumpoto kwa bomalo, a Boniface Kadzamira, adaimirira m'Nyumba ya Malamulo n'kunena kuti dziko liganizire zolima chamba. Anzawo adawaseka, ndipo kunja kuno ambiri adati bambowa ayenera kuti alawako. Chaka chomwecho kampani ya Invegrow idaloledwa kuyamba kuyesa mbewu za chamba cha m'mafakitale pa malo a kafukufuku a Chitedze ku Lilongwe. Mu Disembala 2018 aphungu omwe aja adavomereza pempho la a Kadzamira loti bilu ilembedwe. Pomwe biluyo inkadutsa mu 2020 iwo sadalinso phungu, koma ndi omwe adadzakhala wapampando wa bungwe loyang'anira chamba lija.

Chomwe chidatseka kuseka kuja si chifundo pa odwala. Chidali fodya. Mlimi wa ku Dowa amadziwa yekha ululu wosamalira nazale, kumanga zigafa, kudinda mabelo, kenaka n'kumva kuti ku okushoni ku Kanengo fodya wabwezedwa kapena wagulidwa pa mtengo wosabweza n'ngongole ya feteleza yomwe. Boma nalo linkaona ndalama zakunja zikuchepa pomwe maiko olemera akulimbana ndi kusuta. Anzathu adali atatsogola kale: Lesotho idapereka ziphaso zolimira chamba cha mankhwala mu 2017, Zimbabwe mu 2018, ndipo nduna za ku Zambia zidavomereza kumapeto kwa 2019. Mtsutso wonse m'Nyumba ya Malamulo udazungulira pa madola, ntchito ndi misika yakunja. Wodwala adalowa m'lamulo ngati mlendo wobwera ndi mnzake paukwati.

Mitengo ya ziphaso itatuluka mu Novembala 2020, nthawi ya nduna Lobin Lowe, zidaoneka poyera kuti phwandoli adakonzera yani. Chiphaso cholimira ndi kugulitsa chamba cha mankhwala chidali madola 10,000 a ku America, cha chamba cha m'mafakitale madola 2,000. Chamba cha m'mafakitalechi n'chomwe mphamvu yake yoledzeretsa, yotchedwa THC, siipitirira gawo limodzi pa magawo 100 alionse, ndipo amapangira zingwe, nsalu ndi mafuta. Mlimi wa ekala imodzi kwa Chilooko kapena kwa Kayembe ndalama zoterezi akadaziona kuti? Adauzidwa kuti alowe m'makopaletivi. Pamndandanda womwewo padalinso mzere womwe anthu ochepa adaulabadira: chipatala cha boma chizilipira madola 100, ndipo chomwe si cha boma madola 200, kuti chiloledwe kupereka mankhwala a chamba kwa odwala.

Chaka cha 2021 chidali cha chiyembekezo chosefukira. Mu Epulo, potsegulira msika wa fodya, Pulezidenti wa nthawiyo Lazarus Chakwera adanena mosabisa kuti tsogolo la fodya likutha ndipo adatchula chamba ngati imodzi mwa mbewu zolowa m'malo. Bungwe loyang'anira chamba lija lidalengeza kuti lapereka ziphaso 86 kwa makampani ndi magulu 35. Kumapeto kwa chakacho unduna wa zamalimidwe udalembera katswiri wakale wa nkhonya wa ku America, Mike Tyson, kuti akhale kazembe wa chamba cha Malawi, zomwe zidakwiyitsa ena chifukwa cha mlandu wogwirira womwe adamangidwa nawo mu 1992. Alimi ambiri adasonkha ndalama za ziphaso, mbewu ndi maphunziro, ena atagulitsa ziweto. Pofika 2022 madandaulo adali ponseponse: mbewu yochokera kunja, zipangizo zodula, ndipo ogula olonjezedwa aja osaoneka. Akuluakulu adanena kale kuti fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wapachala ngwamphepo.

Mu 2022 momwemo mnyamata wina wa ku Blantyre adagamulidwa zaka 8 atapezeka ndi chamba, pomwe mkulu wa kampani ina yaikulu yemwe adapezeka nacho kunyumba kwake sadalowe m'ndende. Anthu adayenda pamsewu. Mu Malichi 2024 phungu wa kum'mwera kwa Lilongwe, a Peter Dimba, adabweretsa bilu yoti chamba chathu chenicheni, chomwe alimi a m'mapiri adasunga mbewu yake m'zaka zonse zothamangitsidwa, chiloledwe kulimidwa ndi chiphaso, ndipo aphungu adaivomereza. Apanso chifukwa chachikulu chomwe chidaperekedwa chidali ndalama zakunja.

M'nkhani zonsezi mwamva za mlimi, wamalonda, phungu, wapolisi ngakhale wankhonya. Za wodwala zimamveka mwa apo ndi apo.

Nzeru ya khadi ya wodwalayi tidaibwereka. Ku California anthu adavota mu 1996 kuti wodwala yemwe dotolo wamuvomereza azigwiritsa ntchito chamba, ndipo mu 2003 adaonjezera dongosolo la makadi. Canada idayamba kulembetsa odwala mu 2001. Kumeneko khadi idabadwa chifukwa cha apolisi: munthu wodwala khansa kapena Edzi akapezeka ndi chamba m'thumba, ankafunika chomuteteza kuti asagone m'chitokosi. Komanso kumeneko kuli madotolo ochuluka, ma famase pakhonde, ndi mankhwala oyezedwa bwino. Ku America mankhwala a dronabinol adavomerezedwa mu 1985 kuti azichepetsa nseru ndi kusanza kwa olandira mankhwala a khansa, ndipo mu 2018 adavomereza Epidiolex wothandiza ana odwala mitundu ina yovuta ya khunyu. Umboni wa akatswiri ulipo pa matenda owerengeka oterewa, kuphatikizapo ululu wina wokhalitsa. Zoti chamba chimachiza khansa yeniyeniyo, shuga ndi matenda ena onse, monga amanenera ogulitsa timabotolo ta mafuta pa Facebook, n'zamalonda chabe. Ngakhale United Nations, pomwe idachotsa chamba pa mndandanda wa zoopsa kwambiri mu Disembala 2020 ndi mavoti 27 kwa 25, idangovomereza kuti muli mankhwala, siidachimasule.

Tsono taganizani za mayi wa kwa Nthondo yemwe khansa ya khomo la chiberekero yamufooketsa. Chipatala chomwe ali nacho pafupi n'chaching'ono, choyendetsedwa ndi namwino ndi wothandizira dotolo. Kuti akafike paboma pa Ntchisi n'kabaza wa njinga yamoto pamsewu wa zitunda, ndipo mankhwala a khansa amakalandirira ku Kamuzu Central ku Lilongwe. Pamwamba pa maulendo amenewa, lamulo likumufunsa kalata ya dotolo, dzina m'kaundula wa bungwe la ku likulu, ndi khadi. Akapeza zonsezi, pafunikabe kuti pashelefu pakhale mankhwala enieni, a muyezo wodziwika, ovomerezedwa ndi Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, ndiponso wachipatala wophunzitsidwa kawerengedwe kake. Khadi payokha siichotsa ululu.

Chondidabwitsa ine n'chakuti dziko lino lidapeza kale njira yosavuta pa mankhwala amphamvu kuposa chamba. Morphine ali pansi pa lamulo lomwe lija la Dangerous Drugs Act, amasungidwa mokiya ndipo botolo lililonse limalembedwa m'buku. Komabe odwala matenda osachiritsika amalandira morphine wakumwa m'zipatala za m'maboma ndi m'malo ngati Ndi Moyo ku Salima, pongotengera zomwe wachipatala walemba m'kabuku kawo. Palibe amawatuma kukalembetsa ku bungwe lina. Ngati tidakhulupirira anamwino athu pa morphine, kuumiriza wodwala khadi yapadera pa chamba kukuonetsa kuti mantha a mu 1956 aja sadatichoke, ndipo tikumuonabe wodwalayo ngati wosuta yemwe wapeza pobisalira.

Mwina khadi ili ndi ntchito yake, poti chamba chimamera kuseri kwa nyumba pomwe morphine samera, ndipo wapolisi wa pa chipata ayenera kusiyanitsa wodwala ndi wamalonda. Ngati ndi choncho, njira yake ifupikitsidwe. A Cannabis Regulatory Authority ndi a Unduna wa Zaumoyo atiuze m'Chichewa, pawailesi ndi pa zikwangwani za m'zipatala, kuti matenda ovomerezeka ndi ati, wosaina kalata ndani, fomu ikupezeka kuti, ndipo mankhwalawo ali m'chipatala chiti. Kulembetsako kuzichitikira pa chipatala cha boma pa Dowa ndi pa Ntchisi pomwepo, m'chipinda chomwe odwala amalandirira kale morphine.