Zoyera pamwamba pa zofiira

Anzanga a m'gulu, sabata ino tikwere mapiri a Chongoni ku Dedza, kumene kuli malo 127 a zithunzi za pamiyala, omwe UNESCO idawaika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2006.

Oyamba kujambula anali Akafula, alenje aja ena amati Abatwa. Iwo ankagwiritsa ntchito utoto wofiira: mizere, timadontho, zozungulira, ndi nyama apo ndi apo. Kenaka kudabwera alimi, makolo a Achewa. Awa adatenga dothi loyera n'kumapaka ndi chala, nthawi zina pamwamba penipeni pa zofiira zija. Adajambula zilombo zotambasula miyendo ngati chikopa choyanika padzuwa, zophunzitsira atsikana pa chinamwali. Ku Namzeze kuli zilombo za nyau, zojambulidwa m'nthawi imene Angoni, amishoni ndi boma la atsamunda ankapanikiza gule.

Ndiye kodi Achewa adaononga ntchito ya Akafula? Ine ndikuti ayi. Phanga lomwelo lidapitiriza kukhala sukulu, adangosintha ndi aphunzitsi. Komanso kusanjikizanako ndi kumene kumathandiza akatswiri kudziwa kuti zofiira ndiye zakale, poti cha pansi ndicho chidayamba.

Si onse ankafuna kuti chithunzi chikhalitse. Kuno ku Domasi, kwa Ayao, akuluakulu a unyago ankaumba zinyama pansi ndi dothi n'kuzikongoletsa ndi ufa. Mwambo ukatha, mvula inkamaliza yokha.

Kusintha kumene kumandipweteka ndi kwa masiku ano. Munthu afika paphanga ndi khala kapena choko, n'kulemba dzina lake ndi la chibwenzi chake pamsana pa chilombo. Abusa a ng'ombe akoleza moto pobisala mvula, mwaye n'kuphimba khoma. Dothi loyera lija silichedwa kusuluka, kungolikhudza limatsalira kumanja.

Ku France adakumana nazo mwa mtundu wina. Phanga la Lascaux, la ng'ombe zam'tchire ndi akavalo a zaka pafupifupi 17,000, lidatulukiridwa ndi anyamata anayi mu 1940 ndipo lidatsegulidwa mu 1948. Palibe adalembapo dzina, koma mpweya ndi kutentha kwa alendo zidameretsa ndere pamakoma. Mu 1963 adalitseka, ndipo kuyambira 1983 alendo amaonetsedwa phanga lochita kupanga. Ku Chencherere ndi ku Mphunzi mukaona zenizeni, mutaima pomwe adaima wojambulayo.