Mwana wodwazika nayenso ali ndi ufulu

Abale athu a kuno ku Lago, kudwazika ndi ntchito ya pabanja kuyambira kale, ndipo ilibe malipiro. Nkhondo yomwe idatha mu 1992, kenako Edzi, zidasenzetsa ana mtolo umenewu.

Boma lidayamba kupereka ndalama za chakudya mu 1990, koma m'mizinda mokha. Mu 1997 lidakhazikitsa INAS, ndipo pang'onopang'ono thandizo lidafika kumidzi kwa okalamba, aulumali ndi odwala matenda amgonagona. Lamulo nambala 7 la 2008 lidatsimikiza ufulu wa mwana wophunzira ndi wotetezedwa.

Choncho mtsikana wodwazika agogo ku Metangula kapena ku Cóbuè asasiye sukulu. Agogowo kawalembetseni kwa permanente wa INAS m'mudzi mwanu. Mwana akamazunzika, imbani 116 mwaulere.