Amatseka WhatsApp m'foni mwanu ndani?

Ogulitsa kachewere pamsika wa Bembeke, m'mbali mwa msewu wa M1, amalidziwa vutoli. Wogula ali ku Lilongwe, akufuna chithunzi cha matumba. Utsegula kamera, koma pobwerera upeza WhatsApp wayambiranso. Ambiri amathamangira kufufuta zithunzi, ati memory yadzaza. Chonsecho chomwe chachepa ndi RAM, malo amene foni imagwiriramo ntchito panthawiyo, ndipo kufufuta zithunzi sikuwonjezera malowo.

Mu 1991, Linus Torvalds, akuphunzira ku Helsinki, anayamba kulemba Linux, kernel imene Android imayenderapo lero. Kernel ndiyo imagawira mapulogalamu RAM. Ikatheratu, Linux imadzutsa OOM killer, amene amatseka pulogalamu imodzi kuti makina onse asaime. Vuto lake n'lakuti amafika madzi atafika kale m'khosi.

Foni yoyamba ya Android, HTC Dream ya 2008, inali ndi RAM ya 192 MB basi. Kudikira koteroko sikukanatheka, choncho akatswiri a Google anaika lowmemorykiller mkati mwa kernel, kuti azitseka msanga. Apa m'pamene panagona nzeru. Pulogalamu iliyonse imapatsidwa nambala molingana ndi kufunika kwake kwa mwini foni. Imene munaisiya kalekale imayamba kuchotsedwa, yoimba nyimbo imasungidwako, ndipo imene ili pamaso panu imakhudzidwa pomalizira. Kamera imadya RAM yambiri, n'chifukwa chake WhatsApp amene munangomusiya kumbuyo amagwa m'mavuto.

Android KitKat ya 2013 inakonzedwa kuti iziyenda ngakhale pa 512 MB, mothandizidwa ndi zram, njira yofinya zomwe zili mu RAM kuti zitenge malo ochepa. Mu 2017 lowmemorykiller anachotsedwa mu Linux 4.12, ntchito yake n'kupita kwa lmkd, amene amakhala kunja kwa kernel. Chaka chomwecho kunabwera Android Go, mtundu wopepuka wa Android, yomwe imapezeka m'mafoni ambiri otsika mtengo a itel ndi Tecno. Kuyambira Android 10 mu 2019, lmkd amatha kuyeza nthawi imene mapulogalamu akutaya podikira RAM asanagamule chotseka.

Chondidandaulitsa n'chakuti mapulogalamu akunenepa msanga kuposa thumba la mlimi. Mu 2022 Google inakweza RAM yofunika pa Android Go kufika 2 GB, pamene anthu ena akumudzi akugwirabe mafoni a 1 GB omwe anagula atakolola zaka zapitazo.